Lole Imene Bambo Ankaidziwa Kumbuyo

Nkhondo ya Ajeremani itatha, malole a asilikali anangosiyidwa pabwalo lina ku Limbe, udzu n'kumamera pansi pake. Mmwenye amene ndinkamugwirira ntchito anagulapo imodzi kuti izinyamula fodya ndi chimanga. Popeza ndinali nditagwirako sipanala kushedi ya sitima, anandiloza ine. "Iwe, dzutsa nkhalamba iyi." Ndinali mnyamata wongokwatira kumene, wodzimva ngati palibe chitsulo chingandikanike.

Injini ndinaidzutsa, koma lole ija inali ndi makhalidwe ake. Thanki ya petulo inali pansi pa mpando, ndipo mafuta ankangotsetsereka okha kupita ku injini. Pachitunda mphuno ikaloza kumwamba, mafuta ankathawira kumbuyo, injini n'kutsokomola, n'kuzima. Tinkaitembenuza n'kukwera chambuyo, anthu a m'njira akufa ndi phwete. Mabuleki nawo ankagwira akafuna. Ife tinkangoseka, popeza unyamata ndi uchitsiru zimayendera limodzi.

Bambo anga ndiwo sankaseka. Iwo anali amtengatenga pankhondo ija. Anasenza mabokosi a zipolopolo mpaka tsitsi linatha paliwombo, ndipo malole oterewa akatitimira kapena kukanika chitunda, amtengatenga ndiwo ankakankha. Mng'ono wawo anafera pomwepo. Lole ina inabwerera m'mbuyo iye akuika mwala kutayala. Bambo anabwera kwathu ku Nancholi okha, miyendo yawo ili yozizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala.

"Galimoto ya nkhondo ine ndimaidziwa kumbuyo," ankatero. "Kutsogolo kwake n'kwa eni ake."

Chaka china chiperoni chinabwera ndi ukali, ndipo chifuwa chinawagwetsa. Amayi anayesa mizu yonse imene ankaidziwa, osaphula kanthu. Panafunika kupita nawo kuchipatala cha mishoni ku Kabula, koma kuyenda sakanatha. Machila anakana. Anati iwo ananyamulapo anthu m'machila, sangalole mwana wa mnzawo apweteke phewa chifukwa cha iwo. Nditatchula lole, anatembenukira kukhoma.

"Iwe mwana, ukufuna kandimalize kamene kanamaliza mng'ono wanga?"

"Bambo, nanga ndikaikonza?"

"Ukonze chiyani? Imabwerera m'mbuyo. Imafa pachitunda. Ndipo mphepo yake ingandiphe tisanawoloke Mudi."

Anatchula zitatu. Ndinapsa mtima, sindibisa, chifukwa munthu akufa n'kumasankha chokwera. Koma ndinkawaopanso kuwataya, ndipo mantha aja ndi amene anandigwiritsa ntchito. Bwana anandilola kuimitsa lole masiku angapo, mwina poona kuti phindu lake lidzakhala lake lomwe.

Ndinayamba ndi mabuleki. Nditamasula matayala akumbuyo, ndinapeza kuti zikopa zogwira za mabulekiwo zinadyeka mpaka chitsulo chikudya chitsulo chinzake. Ndinapempha lamba wakale wa makina kufakitale ya fodya, ndinamudula, n'kumukhomerera ndi tizitsulo ta mkuwa. Ndodo zokoka mabuleki zinali zitapindika, imodzi ikugwira msanga kuposa inzake, moti ndinaziwongola pamoto. Poyesa ndinadzaza matumba, n'kuiimika pamtsetse wa ku Chitawira. Inaima nji. Ndinakhala pamwala n'kumaiyang'ana ngati mkamwini woyang'ana munda umene walima.

Thanki ndinaichotsa pansi pa mpando. M'kati munali dzimbiri ndi matope a dziko la eni. Ndinaitsuka ndi miyala ing'onoing'ono, ndikuigwedeza mpaka mikono inawawa, kenaka ndinaikhazika pamwamba, kuseri kwa mutu wa dalaivala, kuti ngakhale pachitunda mafuta azitsika basi. Paipi ndinaipemerera ndi pakamwa. Petulo ndinamumeza wosawerengeka tsiku limenelo, ndipo kuyambira pamenepo mafuta onse ndinkawasefa ndi chipewa chakale.

Za kutentha ndiye zinandichititsa manyazi. Malole amenewo analibe chofunditsa, analibe ngakhale zitseko. Ndinaganiza zopinda paipi ya utsi kuti idutse m'debe la palafini lopanda kanthu pansi pa thabwa loponda mapazi. Ulendo woyamba paipi inabooka, utsi wonse n'kudzaza pamene ndinakhala. Ndinafika kunyumba maso ali psu, mkazi wanga n'kundifunsa ngati bwana wayamba kuwamba antchito ake ngati mlamba. Ndinamata pobowoka paja, ndinatchinga m'mbali ndi chinsalu cha tenti ya asilikali, ndipo thabwa lija linayamba kufunda bwino ngati phulusa la m'mawa.

Tsiku la ulendo kunali nkhungu, phiri la Soche losaoneka. Bambo anatuluka atagwiriridwa ndi amayi. Anazungulira lole pang'onopang'ono, naima kumbuyo kwake nthawi yaitali. Kenaka anawerama movutika n'kutola mwala waukulu ngati dzungu.

"Anzanu paulendo amanyamula kamba, inu mwanyamula mwala," anatero amayi.

"Ndisiyeni, ntchito yake ndikuidziwa ndine."

Tinawakweza kutsogolo, mwala uli pamiyendo. Mapazi awo atakhudza thabwa lofunda lija, anandiyang'ana m'mbali. Ndinaona zala zawo za kumapazi zikutambasuka.

Panali chitunda chimodzi chimene ndinkachiopa, tisanafike kumene nyumba za Azungu zinkayambira. Titachiyamba, injini inasintha mawu, inayamba kubuula monga zimachitira zikalemedwa. Pomwepo bambo, munthu amene sankatha kufika yekha kuseri kwa nyumba, anakankha chinsalu, mwendo umodzi uli kale kunja, mwala ali nawo m'manja.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Kukaika mwala. Ima nditsike!"

"Khalani pansi. Ikwera yokha."

Ndinawagwira malaya ndi dzanja limodzi, lina lili pachiwongolero. Mumtima ndinkapemphera mapemphero onse amene ndinaphunzira kumishoni. Lole inabuula, inanjenjemera, koma mafuta sanathawe. Tinafika pamwamba mphuno ili kutsogolo. Ndinaima dala pamene msewu unali utapendekekabe, ndinakoka buleki, n'kuchotsa manja ndi mapazi kuti aone. Sinasunthe.

Nkhungu inali itayamba kuyera, ndipo nsanja za tchalitchi cha njerwa zinkaoneka patali. Bambo anayang'ana msewu umene unali patsogolo pathu ngati sanauonepo, chonsecho anauyenda ndi mapazi moyo wawo wonse.

Kuchipatala anachira, ndipo anadya chimanga chachiwisi zaka zina zingapo. Lole ija inathera kumunda wa tiyi, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndakwera magalimoto ambiri kuyambira pamenepo, ofunda ndi ofewa, koma ndimaisowabe.

Tisananyamuke pachitunda paja, bambo anaweramira kunja n'kuika mwala uja pansi mosamala, m'mphepete mwa msewu. Anapukuta manja pabulangete.

"Mng'ono wanga uja," anatero, "lole sanaikwereko n'kamodzi komwe."