Lamba Wakuda wa pa Kaunjika

Ndivomere lero: lamba wakuda amene ndinafika naye ku kalabu ya karate ku Nkopola ndinamugula pa kaunjika m'tauni ya Mangochi. Karate ndinali nditaphunzira miyezi iwiri yokha, koma ndinkachita manyazi kuvala lamba woyera wa ongoyamba kumene ndili ndi ndevu.

"Munaphunzira kuti, achimwene?" anafunsa aphunzitsi a pa kalabupo, a Saidi.

"Ku Blantyre," ndinayankha modzikhulupirira.

"Tachita mwayi! Tatiwonetsaniko luso ndi mayi Asiyatu awa. Koma muwamvere chisoni, angoyamba kumene."

Mayi Asiyatu, amene amachapa zovala pa hotela, anawerama mwaulemu. Ine ndinakuwa mwamphamvu n'kuponya mwendo m'mwamba. Chimene anachita sindinachione. Ndinangozindikira ndili chagada pamchenga, buluku litang'ambika pakati, anthu atagwira pakamwa.

"Pepani bambo, ndakupwetekani?" anatero akundidzutsa.

Ndinati ndaterereka. Pamchenga wouma!

Tikuweruka, a Saidi anandinong'oneza: "Lambayo mwamumanga ngati chitenje. Mawa mubwere, tidzayambire pa kamangidwe."

Ndinabweradi, n'kukaima kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumbuyo kwa mayi Asiyatu.