Ziro pamalo pa mphepo

Dzino langa lakutsogolo linachoka chifukwa cha masamu. Musaseke, ine zimandiwawabe.

Ndinali m'chaka chomaliza ku yunivesite, ndikuwerengera mmene moto umayendera pa udzu wouma. Nkhani yake ili patatu: moto umadya udzu, kutentha kumafalikira mbali zonse, ndiye mphepo imakankha zonsezo kupita nazo komwe yafuna. Ziwiri zoyambazo kompyuta inkazilandira bwinobwino. Koma ndikangoikamo mphepo, manambala ankapenga, kudumpha uku ndi uku. Nditatopa nazo, ndinangolemba ziro pamalo pa mphepo. Yankho linatuluka losalala, moto woyenda mwaulemu ngati mkwatibwi.

Patchuthi cha mu Juni ndinapita kwa achimwene anga aakulu, kumapiri a ku Ntchisi. Fodya wawo wa chaka chonse anali m'chigafa, kudikira galimoto yochokera ku Mponela. Ndinawapeza atatulutsa makasu kuti alambule udzu wozungulira chigafacho, kuopa moto wolusa.

"Achimwene, mukudzivutitsiranji?" ndinatero ine, matama thoo. "Tingowotcha. Ndawerengera kale, moto uthera pa kanjira apo."

"Iwe, mphepo ya mwera imadzuka masana," anatero iwo.

"Kusukulu ndinapita ndine."

Mawu amenewa ndimanyansidwa nawo mpaka lero.

Ndinayatsa ndekha. Poyamba unayendadi monga pa pepala paja. Kenako mwera unatsika phiri, kuuu! Moto unaimirira, kulumpha kanjira kaja, n'kugwira denga la udzu. Alamu, akazi awo a achimwene, anathamanga ndi ndowa, koma madzi ake sanafike n'komwe. Chigafa chonse chinagwa tikuona, utsi wa fodya ukutitsamwitsa.

Achimwene anatola nsichi ikufukabe utsi n'kundimenya nayo pakamwa. Phwa! Ndinagwa chagada. Anandikhalira pachifuwa, zibakera kumaso, m'makutu, paliponse, magazi kudzaza m'kamwa.

"Werengera! Werengera tsopano, galu iwe!"

Alamu ankawakoka malaya akulira. "Mupha munthu inu! Ndi m'bale wanu ameneyo!"

Ine sindinatchinge ngakhale kamodzi. Dzino ndinalilavulira pa phulusa.

Atatopa anakhala pansi n'kundifunsa motsitsa mawu: "Ndiuze chilungamo. Mphepoyo, pa pepala lakolo, unaiwala?"

Ndikanatha kuvomera, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma bodza linandikanika.

"Sindinaiwale, achimwene. Ndinaichotsa dala. Inkandivuta."

Ndinatsinzina, kudikira chibakera china. Sichinabwere, ndipo bola chikanabwera. Anangodzuka, n'kupita kukatola makasu aja amene ndinawaletsa, n'kukawabwezera m'nyumba.