Vanila wandiitanira ankhoswe

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kukhala pamaso pa ankhoswe chifukwa cha keke. Musaseke, ine sizinandisekese.

Inu amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ine ndi uvuni sitisiyana. Ndimaphika keke ngakhale palibe wobadwa, palibe wokwatiwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthira vanila wa m'kabotolo, wamadzimadzi uja, ndipo ndinkangoti vanila amapangidwa ku fakitale ngati sopo. Mwezi watha, m'sitolo ina ya zokometsera zakudya ku Marabastad kuno ku Pretoria, ndinaona timitengo takuda m'galasi, tofota ngati zitheba zoiwalika padzuwa. Nditafunsa, anandiuza kuti ameneyo ndiye vanila mwini wake. Wanga wa m'kabotolo uja ndi wongoyerekeza.

Ndinagula tiwiri, mtima ukuwawa, chifukwa mtengo wake si wamasewera. Amene mukufuna kuyesa, musatenge kouma gwa. Kabwino n'kofewa, konyezimira ngati kapakidwa mafuta, ndipo mukakapinda pachala sikathyoka. Kunyumba mumakang'amba m'litali ndi nsonga ya mpeni, n'kupala timbewu takuda ta m'katimo, tating'ono ngati fumbi, n'kuthira mu mkaka wofunda. Khoko lake satayanso ayi. Mumaliponya m'botolo la shuga, ndipo pakapita masiku shuga yenseyo amayamba kununkhira.

Khoko limeneli ndi limene linandiputira mlandu.

Alamu anga a Esinati, mchemwali wawo wa amuna anga, anabwera kuchokera ku Ga-Rankuwa kudzationa kuno ku Gezina. Anandipeza ndikutuluka kukagula mazira pashopu ya pakona. Poti kwa mchimwene wawo ndi kwawo, anadzitengera ketulo n'kuyamba kukonza tiyi. Potapa shuga, supuni inakola chinthu chakuda, chong'ambika pakati, chafungo lachilendo. Atacheuka, anaona mchimwene wawo ali pasinki, manja ali thovu lokhalokha, akutsuka mbale uku akuimba mluzu.

Kwa alamu anga, umboni unakwana pomwepo.

Mmene ndimabwera ndi mazira, chithunzi cha khokolo chinali chitafika kale ku Malawi. Pa gulu la pafoni la kubanja kwawo panali patayaka moto. Apongozi anga ku Balaka anali atatumiza mawu, akulira. Amalume awo a amuna anga, amene ndi ankhoswe a kuchimuna, anali atafunsa kale tsiku loti tikambirane. Azakhali ena amene sanandionepo ndi maso analemba kuti iwo ankadziwa kuyambira kalekale.

"Alamu, ichi n'chiyani?" anandifunsa a Esinati. Anali atachinyamula ndi pepala, kuopa kuchikhudza.

"Ndi vanila."

"Eish, alamu, musandipusitse. Vanila ndimamudziwa ine, amakhala m'botolo. Uwu ndi muzu. Mwautenga kwa sangoma wa konkuno kapena mwachita kuitanitsa kumudzi?"

Amuna anga anayesa kulowererapo. "Sisi, zimenezo n'za keke."

"Achimwene, inu khalani chete, simukudziwa chimene mukunena. Tadzioneni mmene mulili. Mpaka epuloni!"

Ndinapsa mtima, sindibisa. Komanso ndinachita mantha. Banja limenelo ndinalowamo kalekale, ndadwazika odwala awo, ndalandira abale awo obwera kumene ku Joni mpaka atapeza pogwira. Apongozi anga amanditcha mwana wawo. Dzina lonselo linali kusungunuka pa nthawi yongopita pakona n'kubwera, ndipo mkazi akangotchulidwa kuti anadyetsa mwamuna kondaine, mbiri imeneyo sichoka. Amakalamba nayo, ndipo ana ake amaimva kwa anzawo.

Tsono tiyeni tikambirane, abale anga.

Amuna angawa anakhala okha m'kachipinda ku Pretoria West kwa zaka ndithu ine ndisanabwere. Ankadziphikira, kudzichapira, kudzikolopera. Ndani ananena kuti alodzedwa? Kumudzi ankawatama kuti ndi munthu wodzisunga. Ndi azibambo angati a kwathu amene amatsuka mbale za anthu osawadziwa m'malesitilanti a mumzinda uno, m'mawa mpaka madzulo, zala kuchita kutuwa? Amenewo timawapatsa ulemu, timati ali pantchito ku Joni.

Koma atsuke mbale imene wadyera yekha, m'nyumba mwake, mkazi wake ali moyo ndithu. Wadyetsedwa.

Aweruke n'kulunjika kunyumba dzuwa likanalipo. Wadyetsedwa. Afunse mkazi wake maganizo asanagule wailesi, anyamule mwana pamsewu, akane kupita kokamwa chifukwa analonjeza kunyumba. Wadyetsedwa, wadyetsedwa, wadyetsedwa. Zoti mwamuna angathe kungokonda mkazi wake popanda muzu, ife sitizilola. Tikazilola, ambiri adzasowa chonena kunyumba kwawo.

Nanga mwamuna wosowa Lachisanu n'kudzaonekera Lolemba, malaya akununkhira mafuta a eni ake? Ameneyo palibe amakafufuza m'botolo la shuga. Ameneyo ndi wabwinobwino, ndi mmene amuna alili, mayi pirirani.

Ndipo taonani nzeru zathu. Madzi a m'kabotolo amene sitidziwa kuti anasakaniza chiyani, timathira m'chakudya cha ana osafunsa, bola pali chizindikiro cha Chingerezi. Chinthu chomera panthaka, chimene mlimi wina anathyola ndi manja n'kuchiyanika, chimenecho ndiye cha asing'anga. Ndikanaika kabotolo kolembedwa bwino pashelefu, mkati muli kondaine weniweni, alamu anga akanandithandiza kuthira.

Kulongosola pakamwa kunakanika, choncho ndinatulutsa kachiwiri kaja, kamene ndinkasungira tsiku lobadwa la mwana wanga. Ndinawauza a Esinati kuti ayatse kamera, ajambule chilichonse, atumize ku Balaka. Ndinakang'amba iwo akuona, ndinapala timbewu, ndinafunditsa mkaka. Ufa, batala, mazira aja ndinakagula. Amuna anga anangokhala pampando ngati munthu wodikira chigamulo, epuloni atavula n'kuibisa kumbuyo.

Keke itayamba kupsa, fungo linadzaza nyumba yonse mpaka mayi wa Chizimbabwe wa chipinda choyandikana nafe anasuzumira pakhomo kufunsa ngati kuli phwando. Nditaidula, a Esinati anayang'anitsitsa timadontho takuda ta m'katimo nthawi yaitali. Anadikira kuti ndiyambe ine kudya. Kenako anatsina pang'ono. Kenako anatenga chidutswa. Chachiwiri sanapemphe n'komwe.

Pa gulu lija analemba kuti, "Zikuoneka ngati n'za keke."

Zikuoneka ngati! Kupepesa kwawo konse kunali kumeneko. Amalume anayankha ndi chala chokweza m'mwamba, azakhali aja anangoti zii. Apongozi anga anatumiza mawu ena, ulendo uno osalira: "Chabwino mwana wanga, tamva. Komabe bambowo asamatsuke mbale pakakhala alendo."

Madzulo ndinawaperekeza alamu anga kokakwera takisi. Ndinali ndisanapole, ndipo m'mutu ndinali nditakonza mawu oti ndiwatsazike nawo, mawu oti akawakumbukire mpaka ku Ga-Rankuwa. Titayandikira pamsewu waukulu, anaima n'kuyamba kukonza mpango umene unali bwinobwino.

"Alamu, khoko lija mutaya?"

"Ayi, libwerera mu shuga. Bwanji?"

Anayang'ana magalimoto. "Bambo a kwathu chichokereni Lachitatu. Foni sakuyankha. Mwezi watha zinalinso choncho."

"Alamu, mwaona nokha. Zija n'za keke basi."

"Ndaona," anatero. "Ingondipatsani."

Mawu anga onse aja anathawa. Mayi amene m'mawa ankanyamula khokolo ndi pepala ngati chinthu chakufa, tsopano ankalipempha maso ali pansi. Ndinazindikira kuti mmene ankaona mchimwene wawo pasinki paja, sikuti anangoipidwa ayi. Anasirira. Ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekeze, ndipo ndinabwerera kunyumba chothamanga, n'kukulunga makoko onse awiri m'kapulasitiki. Ndinawauza kuti asaike mufiriji, angoponya mu shuga n'kutseka bwino. Anawalowetsa m'chikwama, m'kathumba ka m'kati mwenimweni, n'kukwera takisi.

Usiku wa Lamlungu ndisanagone ndinayang'ananso pa gulu lija, kubwerera m'mbuyo miyezi ingapo. Nkhani ya amuna awo a Esinati palibe anailembapo ndi kamodzi komwe. Amalume amene anafunsa tsiku la mlandu wanga mazira asanafike n'komwe pakhomo, ku Ga-Rankuwa sanaimbeko foni. Kodi ankhoswe athu amadzuka pokhapokha mwamuna akagwira siponji?

Sabata ino shuga wa alamu anga ayamba kununkhira bwino. Kaya tiyi wake amwa ndi ndani.