Tsiku limene sindinaime kumbuyo kwa bambo

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Kulemba ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, ndipo ndaitulutsa lero chifukwa mdzukulu wanga, amene walowa kachipani kakang'ono, wandifunsa ngati ochepa angapambane kumene anthu sasintha.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene pakapela pathu, katchalitchi ka kumudzi kufupi ndi Mualadzi, pankasankhidwa mkulu wa mpingo. Udindowu sunkachoka m'banja la eni mudzi, ndipo chaka chimenecho anaima amalume anga. Nawo akamwini, amuna obwera kudzakwatira, anaimika bambo anga. Anthu anaseka. "Mkamwini alamulire pano? Ayambe wamanga nkhokwe ya apongozi!"

Bambo sananyoze aliyense, sanatsutsenso mwambo. Ankangotenga khasu kukapalira m'minda ya amayi amasiye, nkumamvetsera. Kumeneko anamva chimene chinkawawa anthu: pamaliro a munthu wosauka oimba ankabwera atatu, pa a mwini ng'ombe kwaya yonse. Analonjeza chimodzi chokhacho, kuti aliyense adzaikidwa ndi nyimbo zofanana.

Tinkasankha poima kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Amalume anali atandigwira phewa kale. "Iwe ndiwe wa kuno. Atate ako ndi mlendo." Ndinaima kumbuyo kwao, maso ali pa zala zanga zafumbi.

Kumbuyo kwa bambo kunali amuna asanu okha. Kenaka Anabanda, mayi wamasiye wa mwendo wodwala, anatuluka mumzere wathu akutsimphina. "Achimwene, pepani," anauza amalume, "ine ndatsala pang'ono, ndikufuna kudzaimbiridwa." Amayi ena anawatsatira mmodzimmodzi, mpaka akatekisita anachita kuwerenga kawiri. Bambo anapambana.

Potembenuka kuti aone anthu ao, anandifunafuna. Anandipeza kwinako. Nkhaniyi sanaitchulepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka kumwalira kwao.

Mdzukulu wanga ndamuyankha kuti ochepa amapambana akamva chimene ambiri akuchita manyazi kuchinena, ndipo pamafunika mmodzi woyamba kusuntha phazi. Zakuti mmodziyo ndikanakhala ine sindinamuuze.

M'mawa wotsatira chisankho chija ndinalawirira kumunda wa bambo, mame akunyowetsa miyendo. Ndinapalira ndekha mpaka manja kutuluka matuza, kenaka ndinabwerera njira ya kumtsinje kuti asadziwe kuti ndi ine.