Mpanda wa azakhali ulibe denga

Azakhali anga ku Tegeta, kuno ku Dar es Salaam, anasiya kutuluka m'chipinda Lachiwiri lapitali, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Amuna awo anatisiya mwezi watha. Pa Chisilamu chathu, mkazi wamasiye amakhala m'eda miyezi yoposa inayi, ndipo Azakhali amausunga mwambowu molimba: sapita kumsika, saonekera kwa mwamuna wachilendo. Dziko lawo lonse linali kabwalo ka kuseri kwa nyumba, kotchingidwa ndi mpanda wa njerwa. M'mawa ankayala mkeka pamenepo, kuvula mpango, kuwothera dzuwa. Ali ndi mphumu, ndiye mpweya wa panja ndiwo mankhwala awo.

Tsikulo ndinali kuwapesa tsitsi. Tinangomva phokoso ngati njinga yamoto ya bodaboda yothyoka ekizozi, koma likuchokera kumwamba. Kutukula maso, abale inu! Kanthu konga bajaji ya matayala atatu ija, koma kopanda denga, chitsulo chikuzungulira pamutu pake, kakudutsa chapafupi moti ndinaona nsapato za woyendetsa. Munthuyo anasuzumira pansi, n'kutibayibitsa.

Kutibayibitsa!

Azakhali anadziphimba kumutu ndi mkeka womwe anakhalirawo, n'kukwawira m'nyumba.

"Wandiona, mwanangu," anatero. "Mwamuna uja wandiona mutu uli pamtunda. Ndikawauza chiyani malemu?"

Ndinawauza kuti sanalakwe, sanachite dala. Ashehe nawonso anatumiza mawu omwewo. Koma inu mukuwadziwa amayi athu. Chitseko chinatsekedwa, zenera linatsekedwa, m'kutentha kwa Dar kuno. Chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka.

Madzulo ake anabwera achimwene anga, aja amaombola katundu kudoko ku Kurasini. Iwo nkhaniyi inawakomera.

"Imeneyo ndi jairokopita, achemwali! Kandege ka munthu mmodzi. Ndipo simunati, kunjaku akuyesa magalimoto ouluka. Foleni ya pa Mwenge, mdipiti wa magalimoto uja, tidzaiiwala. Kurasini mpaka Tegeta, tiyi asanazizire!"

Anandionetsa pafoni. Zokongola ndithu. Koma onse ojambulawo anajambula ali m'mwamba. Palibe anajambula ali pansi, thaulo lili m'chiuno.

Tandiuzani, inu a ku Tandale, bafa lanu lili ndi denga? Lathu lilibe. Malata anayi ndi chiguduli pakhomo, basi. Kuseri n'kumene mayi amayamwitsa momasuka, n'kumene timayanika zovala zija sitiyanika kumaso, n'kumene timasambitsa odwala athu. Takhala tikukweza mipanda, kuika magalasi osweka pamwamba pake, poganiza kuti diso la munthu limabwera cham'mbali. Chakudza sichiimba ng'oma: labwera chakumwamba.

Sindikudana ndi chitukuko ayi. Nanenso minibasi ya daladala yandikwana, thukuta la anthu ena lauma pamsana panga zaka zambiri. Koma wabodaboda akakhumudwitsa, umamudziwa nkhope, umakadandaula pa siteji yake. Nanga uyu? Adzatsika kuti ndimuuze kuti pano pali maliro? Lero ndi mmodzi, wongosangalala. Akadzachuluka anthu a ndalama oulukira kuntchito m'mawa uliwonse, njira yawo yachidule idzadutsa pamwamba pa ndani? Si pa ife a mabafa opanda denga?

Dzulo Azakhali anandiitana. Mawu ankatuluka movutikira.

"Ukandigulire lona ku Kariakoo. Lalikulu. Utchinge kuseri konse."

"Azakhali, nanga dzuwa? Nanga mphepo?"

"Ndipirira."

Ndinagula. Achimwene omwe aja ndiwo anakwera pampanda kulimanga. Kabwalo kaja tsopano n'kamdima, kotentha, konunkha pulasitiki. Azakhali anatuluka, nakhala pamkeka, mpango osavula. Anayang'ana lonalo nthawi yaitali, chifuwa chikulirabe.

"Ine ndinakula ndikudziwa kuti wondiona kuchokera kumwamba ndi Mulungu yekha," anatero.

Inu amene mukusunga ndalama zogulira mapiko, ndiwayankhe chiyani?