Kochi Amene Tinasankha ku Iminyela

Ndinaganiza zochoka ku Katete chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Malume anga, a Tembo, anali atakhala ku Bulawayo kuyambira nthawi ya azungu, ndipo nkhondo ya kumeneko itatha anatuma mawu akuti, "Dziko lamasuka, mafakitale akufuna manja. Mnyamatayo abwere." Mkazi wanga Enelesi anali ndi mwana wa kubere. Amayi sanandiletse. Anangoti, "Pita, koma usakakhale mtchona ngati mlongo wangayo." Ndinakwera basi mpaka ku Lusaka, kenaka sitima yodutsa pa mathithi, m'thumba muli chiphaso ndi chinangwa chowotcha.

Ntchito ndinaipeza ku Kelvin, pa fakitale yopanga mabedi achitsulo. Ndinkagona ku Iminyela, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya malume. Malipiro anali ochepa poyerekeza ndi mmene ankawatamira kwathu, komabe ankakwana lendi, chakudya, ndi kangachepe kotumiza. Panali dalaivala wina wa lole, wa ku Petauke, amene ankanditengera mabulangete, shuga ndi uthenga wa pakamwa kupita nazo kumudzi. Chimene chinkandidya si njala ayi, koma kusowa woyankhula naye. Ana a malume ankamva Chichewa koma ankandiyankha m'Chindebele, ndiye ndinkangomwetulira ngati gonthi. Lamlungu masana, tikachoka kutchalitchi, ndinkakhala pakhonde kumangoyang'ana njinga zikudutsa.

Amene anandichotsa pakhondepo ndi Che Amini, Myao wa ku Mangochi, wowotcherera zitsulo pa fakitale pathu. Tsiku lina anandikoka dzanja.

"Tiyeni mukaone basiketibolo, achimwene. Mufa ndi maganizo pano."

Fakitale yathu inali ndi timu yakeyake, ndipo osewera ankalandira ndalama ngati antchito ena onse. Poyamba ndinaseka kuona amuna ataliatali akulimbirana kuponya mpira m'dengu lobooka. Koma masewero achiwiri ndinapezeka ndaimirira, ndikukuwa mpaka mawu kusasa. Pabwalo paja panalibe wofunsa kuti ukukuwa m'chiyankhulo chanji. Mpaka lero, ndili nkhalamba, ndikamva mwana akudunditsa mpira pa simenti mtima umadumpha, ngakhale kuti tsopano sumadumpha ndi chimwemwe chokha.

Kochi wa timuyo anali mzungu, ndipo monga ankachitira azungu ambiri masiku amenewo, analongedza n'kupita ku Joni. Mabwana anati alemba wina, ndipo panamveka mayina awiri. Woyamba anali Mandla, amene anasewerapo timu yomweyo asanapite kunkhondo, mwana wa komweko, wodziwika ndi aliyense kuyambira ku Mpopoma mpaka ku Tshabalala. Wachiwiri anali a Chikomo, mphunzitsi wa ku Harare amene anakaphunzira za masewero kunja.

Mkanganowo unalowa paliponse. Unalowa m'basi, unalowa pa nthawi ya tiyi, unalowa ngakhale pamaliro. Pabwalo pa malume ndiye panali likulu lake.

"Mandla ndi wabwino, sindikukana," ankatero malume. "Koma kusewera n'kwina, kuphunzitsa n'kwina. Tikufuna munthu wa mapepala."

"Mapepala amaponya mpira?" Che Amini ankayankha. "A Tembo, anyamata aja Mandla akangotsokomola amadziwa koti athamangire. Wa ku Harareyo adzayamba n'kufunsa mayina."

"Inu mukuona pabwalo pokha. Masiku ano timu yokhala ndi munthu wa ku Harare imayenda bwino pamsewu."

Malume akanena zimenezo, tonse tinkadziwa chimene ankatanthauza. Pamisewu yotuluka mumzinda panali zipata za asilikali otumidwa ndi boma la ku Harare, amene ankalimbana ndi anthu oyankhula Chindebele. Kumidzi kunkachokera mbiri zimene anthu ankanong'onezana, osamaliza ziganizo. Ife obwera tinkauzana kuti zimenezo si zathu, tingogwira ntchito.

Mabwana anasankha Mandla. Che Amini anavina mu fakitale atavala chigoba chake chowotcherera, ndipo malume anakhala masiku osamupatsa moni. Ine ndinasangalala pa chifukwa changachanga. Mandla anakhalako ku Zambia nthawi ya nkhondo ndipo ankadziwa Chinyanja cha mu Lusaka. Akandiona pa benchi ankafuula kuti, "Wakum'mawa! Mbewa zili bwanji?" Anthu ankaseka, ine n'kumamva ngati wina wanditsegulira chitseko.

Lachisanu la sabata yomwe anasankhidwayo ndinakumana naye pa geti ya fakitale atasenza thumba la ufa. Anati kumudzi kwawo magolosale anatsekedwa ndipo amayi ake alibe chakudya.

"Ndikawauzenso kuti mwana wawo ndi kochi tsopano," anatero akuseka. "Lolemba tiyamba. Uwauze malume ako abwere adzaone mapepala anga."

Lolemba anyamata anafika pabwalo, anavala, anadikira. Mandla sanabwere. Sabata inatha. Mlongo wake anapita kukamufuna, anabwerako ali ndi nkhope ina, ndipo atafunsidwa anangoti basi imene Mandla anakwera inaimitsidwa panjira, amuna ena anatsitsidwa. Sananene zina, ifenso sitinafunse.

Chimene chimandizunguza mpaka lero n'chakuti mkangano wa kochi sunathe. Unakula. Tinkakhala pabwalo pa malume pomwe paja n'kumatsutsana ngati kuti Mandla wangochedwa ndi matope. Wina ankati adzayamba ndi kulimbitsa otchinga kumbuyo, wina ankati ayi, amakonda othamanga. Wina ankati mwina anadutsa malire ali ku Botswana. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mawu amene tonse tinali nawo pakhosi.

Mabwana atanena kuti aitana a Chikomo, amene anaimirira kukana anali malume, omwe aja ankafuna munthu wa mapepala.

"Simukhazika munthu pampando wa mnzake amene wangopita kukaona amake," anatero. "Akabwera mudzamuuza chiyani?"

Che Amini, amene sankalola kuti malume amalize chiganizo osawadula, anangowerama. Ndinaona misozi ikugwera pa ovolosi yake.

Timu inasewera miyezi ingapo popanda kochi. Kumapeto kwa benchi kunkatsala malo a munthu mmodzi, ndipo ngakhale bwalo lidzaze chotani palibe ankakhalapo. Nthawi zina mpira ukaima, osewera ankatembenukira komweko onse pamodzi ngati aitanidwa. Inenso ndinamvapo, dzuwa lili pamutu, mawu akuti "Wakum'mawa!" Ndinacheuka, panali amayi ogulitsa malalanje okha. Pamapeto pake a Chikomo anabwera. Anali munthu wofatsa, wodziwa ntchito yake, ndipo timu inayamba kupambana. Koma masewero onse ankawaonera chiimirire. Wina atawapatsa malo aja anapukusa mutu n'kunena kuti miyendo yawo siitopa.

Nthawi imeneyo dalaivala wa ku Petauke uja anasiya kubwera, akuti anatopa ndi zipata za pamsewu. Ndinayesa kutumiza katundu kudzera mwa ena, koma sindinkadziwa ngati akufika, ndipo kuchokera kumudzi sikunkabwera mawu alionse. Zaka zinadutsa choncho. Kenaka fakitale inachepetsa antchito, n'kuyambira ife a mapepala akunja. Malume anati ndikhale, ntchito ina ipezeka. Ine ndinali nditatopa ndi mzinda umene anthu ake ankadziwa zambiri koma osanena. Che Amini anandiperekeza ku siteshoni. Sitima ili pafupi kunyamuka anandiuza kuti, "Mandla akabwera ndidzamuuza kuti munatsanzika."

Ndinafika ku Katete masana, nyengo yokolola. Woyamba kundiona anali mng'ono wanga, ali pa ngolo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osatsika, ngati akufuna kutsimikiza kuti mapazi anga akuponda pansi. Enelesi anatuluka m'nyumba, anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira ngati pali maliro. Mwana amene ndinamusiya ku bere anabisala kuseri kwa nkhokwe.

Pang'onopang'ono ndinamva mmene zinakhalira. Mbiri za ku Bulawayo zinafika kumudzi, katundu wanga sanafike. Palibe ananena kuti ndafa. M'malo mwake banja lonse linkakangana za dimba langa. Ena ankati lipatsidwe kwa mng'ono wanga lisagonere, ena ankati Enelesi alilime yekha, ena ankati aliyense adzalemo mzere wake. Anakangana chaka ndi chaka, pa mowa ndi pa maliro, mpaka dimbalo linamera bango. Ndinapita kukaliona, n'kuima m'mphepete mwake. Mkangano umenewo ndinkaudziwa mawu ake onse. Ndinali nditachoka kudziko lakutali kuthawa anthu otsutsana za mpira poopa kutchula imfa, osadziwa kuti kwathu akuchita zomwezo ndi dzina langa.

Amayi ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akutong'ola chimanga. Anali atakalamba kuposa zaka zimene ndinachokapo. Ndinakhala pambali pawo n'kuwafotokozera zonse, za timu, za malume, za Mandla ndi thumba lake la ufa. Kanali koyamba kuti nkhaniyo ndiinene mokweza kuyambira poyamba mpaka pothera. Amayi sanaonepo basiketibolo moyo wawo wonse, ndipo sanafunse kuti kochi ndi chiyani. Anamvetsera, manja ataleka kutong'ola.

"Ndiye basiyo inaimitsidwa asanafike kwawo?" anafunsa.

"Inde, amayi."

"Amakewo akadali moyo?"

Ndinati sindikudziwa.

Anayang'ana kumsewu kumene ndinatulukira, kwa nthawi ndithu, kenaka anati, "Ngati ali moyo, akadayang'anabe njira. Ine wanga wabwera."

Anatolanso chimanga, koma ndinaona kuti zala zawo zikungochisisita, njere osagwa.