Khadi la Ubatizo Limene Analemba Ababa

Ndinaganiza zopita ku Bulawayo tsiku limene kapitawo wa pa esiteti anayeza dengu langa la tiyi n'kunena kuti ndine waulesi. Msuweni wanga anali atalemba kalata kuti kampani ina yosindikiza nyuzipepala ikufuna munthu wodziwa kuwerenga. Vuto linali limodzi. Pasipoti inkafuna umboni woti ndinabadwira m'Malawi, pamene ine ndinabadwira kutsidya kwa Muloza, ku Mozambique. Makolo anawoloka ine ndili kumsana.

Ababa anali katekisiti pa tchalitchi chathu chaching'ono cha Katolika kufupi ndi Chonde. Makadi a ubatizo ankalemba ndi iwo, bambo mfumu n'kumadzangosaina akabwera pa njinga yamoto. M'mawa wina anandipatsa khadi latsopano, losainidwa kale. Pa malo obadwira panalembedwa kuti Mulanje.

"Ababa, izitu si zoona."

"Ndakufunsa? Pinda, usalinyowetse."

Ku Bulawayo ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi. Ndinayamba ndi kusesa, kenako ndinkawerenga masamba a nyuzipepala asanasindikizidwe, kusaka zolakwika. Ntchito yanga inali yogwira bodza pa pepala, chikhalirecho bodza langa lili m'sutikesi. Khadilo sindikanalitaya, chifukwa nthawi iliyonse yokonzanso mapepala anga ankalifuna.

Tinkagona anayi m'chipinda chimodzi. Lamlungu ndilo linkandiwawa: Misa yomweyo, koma nyimbo zachilendo, ndipo potuluka palibe wondifunsa kuti kumudzi adzuka bwanji. Ndalama ndinkatumiza, zinagula malata. Makalata a ababa anali aafupi: mvula, chinangwa, maliro. Masiku amenewo aliyense ankadziwa kuti kalata imatha kutsegulidwa panjira, choncho sindinkadabwa kuti za tchalitchi sankatchula.

Ndinabwerera kumudzi Lachisanu lina. Pa Chonde anyamata a chipani anandigulitsa khadi la chipanicho ndisanatsitse n'komwe sutikesi. Lamlungu tinapita ku Misa. Kutsogolo kunali katekisiti wina. Ababa anakhala pa benchi yomaliza, kolona m'manja. Itakwana nthawi yolandira Ukaristia, anthu anaima pa mzere. Ababa anangogwada.

Ndinafunsa amayi panjira, ababa atatsogola.

"Iwe sudziwa? Sabata yomwe unachoka ija anakalapa. Bambo mfumu anati bweza khadi tiling'ambe, ndiye udzalandire. Bambo ako anati mwana angoyamba kumene ntchito. Ukatekisiti anausiya okha, n'kukalowa m'tiyi."

"Zaka zonsezi?"

"Misa sanajombepo. Koma kulandira ayi."

M'tiyi momwe ine ndinathawamo, munalowa munthu wa imvi, wa zala zozolowera cholembera.

Masana ndinawapeza akunola khasu kuseri kwa nyumba. Ndinatulutsa khadi la ubatizo lija, litada m'mopinda.

"Ababa, mukanangolemba mzere umodzi, ndikanatumiza."

"Ukanatumiza, n'chifukwa chake sindinalembe." Analiyang'anitsitsa. "Koma dzanja linali labwino, eti? Taona M ameneyu."

"Simunkaopa kufa musanalandire?"

"Ndinkaopa tsiku lililonse. Wamaliza nalo?"

Ndinati ndamaliza.

Loweruka tinayenda wapansi kupita ku parishi. Wansembe wakale uja anali atasamutsidwa, panali wina wachinyamata amene nkhaniyi sankaidziwa. Ababa anaifotokoza yonse kuyambira pachiyambi, osachotsapo kanthu, n'kung'amba khadilo pakati iye akuona. Kenako analowa kolapira. Ine ndinadikira panja, pansi pa mtengo wa peyala.

Lamlungu lotsatira bambo mfumuyo anabwera ku tchalitchi chathu kudzachita Misa. Ababa anavala jekete imene ndinawagulira ku Bulawayo, yaikulu m'mapewa. Anakhalabe pa benchi yomaliza, akuti anaizolowera. Mzere utayamba anaimirira, mawondo akulira, ndipo azimayi a kutsogolo anawapatukira njira.

Ndinkaganiza kuti banja ndinkalisunga ndine, ndi malata aja. Ndinaima pambuyo pa ababa pa mzere, ndikuyang'ana zala zawo zosweka ndi tiyi, atazipinda pachifuwa.